Shoteji ndi yako, phindu ndi lawo

Anzanga a m'mphepete mwa nyanja, lero sindikamba za injini. Ndikudziwa kuti ena mukangoona uthenga wautali wochokera kwa ine mumati wayambanso uja za kabureta ndi petulo wa madzi. Ayi, lero ndi za anzathu amene amaima kuseri kwa kauntala m'mabala a m'maloji ndi m'malesitilanti, kuyambira ku Chembe, Monkey Bay, Nkopola, mpaka ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay uko. Amene muli pa ntchito sungani kaye, mudzawerenge mukaweruka, chifukwa ndi yaitali ndithu.

Tisanamizane, ntchito ya pa bala ambirife timaisirira. Mwana wa msodzi amakula akusekedwa fungo la usipa, ndiye akaona mnzake wavala malaya oyera, wotchi pa mkono, Chingerezi chikutuluka ngati madzi, zithunzi ndi azungu pa Facebook, mtima umati ntchito ndi imeneyo. Makolo nawonso amanyadira: "Mwana wanga ali ku loji." Palibe kholo limene limanena mokweza choncho kuti mwana wanga ndi mlovi.

Ine m'maloji ndimalowamo kwambiri, koma ndimalowera ku mchenga kapena geti la kumbuyo, thumba la masipanala lili pa phewa. Maboti amene amatenga alendo kupita ku Thumbi kukaona mbuna ndi kukaponyera nkhwazi nsomba, injini zake zikayamba kutsokomola amaitana ife. Ukamaliza amakuuza kuti dikira a manejala, ndipo malo odikirira ndi kuseri kwa bala, pa kireti yopanda kanthu. Munthu ukakhala pa kireti maola atatu umaona zinthu zimene mlendo wa pa mpando wa kutsogolo sangazione ngakhale atakhala sabata.

Chachikulu chimene ndaona ndi mawu amodzi okha: shoteji. Balamani aliyense amawaopa kuposa ng'ona.

Kwa amene simunagwirepo, zimayenda chonchi. Akakupatsa bala amawerenga katundu: makireti angati a Green, a Kuche Kuche, a Fanta, mabotolo angati a Malawi Gin, a vinyo, a kachasu wa azungu uja wa mayina ovuta. Pakapita tsiku kapena sabata amawerenganso. Chimene chachoka pa shelefu chiyenera kufanana ndi ndalama imene yalowa. Zikasiyana, kusiyanako ndiye shoteji, ndipo amadula pa malipiro ako. Ukangomva choncho zimamveka zachilungamo. Koma tiyeni tilowemo pang'ono.

Botolo la jini la 750ml, ukamathira toti ya 25ml, limatulutsa matoti 30. Pa pepala. M'manja mwa munthu, usiku, bala itadzaza, anthu asanu akukuwa nthawi imodzi, silitulutsa 30. Dontho limagwera pa kauntala, lina limatsalira m'kachoyezera, ndiye pali mlendo uja amati "aise, usaume manja, onjezerako pang'ono." Ukakana amakakunenera kuti ndiwe wamwano, ndipo bwana amakuuza kuti mlendo asamadandaule. Ukaonjezera, botolo limatha pa 28. Matoti awiriwo ndi ako. Tsono mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pamandipweteka ine: sadula pa mtengo umene bwana anagulira ku holoselo. Amadula pa mtengo wa pa menyu, umene amalipira mlendo wa ku Germany. Botolo la Green likaphulika m'furiji chifukwa magetsi anazima tsiku lonse kenaka n'kuyaka usiku furiji n'kuumitsa mopitirira, limalembedwanso pa mtengo wa pa menyu. Kunena kwina, botolo losweka lija bwana waligulitsa ndithu, phindu lake wapeza, kungoti kasitomala wake ndi wantchito wake yemwe.

Njira zimene shoteji imalowera n'zambiri. Tambula yagwa m'manja mwa mlendo woledzera, yako. Gulu la ochokera m'tauni lamwa kuyambira masana, lanena kuti tikasambe kaye m'nyanja tibwera, galimoto n'kulizidwa kuseri, bilu yonseyo yako. Wina wakuonetsa meseji ya Airtel Money kapena Mpamba pa foni yake, netiweki ikuvuta, iwe wakhulupirira, ndalama osalowa, yako. Ndiye pali mtundu wina wa anthu umene sulipira konse: alamu a bwana, anzawo a bwana, akuluakulu ena a m'dera amene bwana safuna kukangana nawo. Amangoti "lemba pamenepo, tikambirana ndi achikulire." Kukambiranako sikuchitika. Tsiku lowerenga likafika palibe amene amakumbuka, wokumbuka ndi iwe wekha, ndipo mawu ako alibe siginecha.

Musandimve molakwa, sindikuti mabalamani onse ndi angelo. Tonse tikudziwa nkhani za amene amalowetsa botolo lake logula ku golosale n'kumaligulitsa matoti pa mtengo wa loji ndalama n'kuponya m'sokosi. Tikudziwa za madzi m'jini. Munthu amene waika ndalama zake mu bizinesi ayenera kuwerenga katundu wake, inenso masipanala anga ndimawerenga ndikamachoka pa doko. Funso langa ndi lakuti akuwerenga ndani, ndipo pamene akuwerengapo iwe uli kuti.

Ndili ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, amene anakhoza MSCE bwino kuposa ine. Mu 2024 anapeza malo pa bala ya lesitilanti ina ya m'mbali mwa nyanja, dzina sinditchula. Anamuuza pakamwa kuti azilandira K70,000 pa mwezi, ati ayambe ndi miyezi itatu yomuyesa, akakhoza adzamuwonjezera. Miyezi itatu ija inakhala ngati msewu wa phula umene amatilonjeza nthawi ya kampeni. Mwezi woyamba utatha anabwera kunyumba kwathu ndi envulopu, nkhope itagwa. M'katimo munali K41,000. Ati K22,000 shoteji, K7,000 yunifolomu. Pepala ayi. A manejala anangowerenga manambala pa foni yawo.

Anayesa kufunsa mwaulemu. "Bwana, shoteji imeneyi yachokera pati? Ndingaoneko buku?"

"Iwe, wabwera kudzagwira ntchito kapena kudzandichita oditi? Pa geti paja pali anyamata khumi akufuna malo akowo."

Nkhani inathera pomwepo. Koma stolo imene ankasungiramo zakumwa inali ndi makiyi atatu. Ina ya a manejala, ina ya a shefu chifukwa ankatengamo vinyo ndi mowa wophikira, ina ya m'bale wa mwini malo amene ntchito yake palibe ankaidziwa. Msuweni wanga analibe kiyi. Anthu atatu olowa, wolipira ndi wachinayi amene sangalowe. Ine sukulu ndinalekeza Fomu 4, koma masamu amenewa akundikanika mpaka lero.

Pano ndiyerekezeko ndi ntchito ya abambo anga, imene timainyoza ija. Iwo akhala pa chilimira kuyambira ine ndisanabadwe. Usiku wa mdima amapita kokauni, siginala patsogolo ndi nyali pa bwato, alovi m'boti akudikira kuti usipa usonkhane. M'mawa akakocheza pa doko, nsomba sizilowa mu ofesi. Zimayezedwa pa mchenga pomwepo, chigoba ndi chigoba, aliyense akuona: mwini khoka, alovi, amayi ogula, ngakhale ana ongodutsa. Mtengo umakambidwa mokuwa, wina akafuna kuchenjera amamukuwiza pomwepo. Pa doko lathu amayamba achotsa za petulo ndi zina zimene zalowa pa ulendowo, chotsalacho amagawa pakati, theka la mwini zipangizo, theka la alovi kuti agawane. Aliyense amatenganso ka ndiwo ka kunyumba.

Si moyo wa shuga, ndipo amene anganene kuti ndi wabwino sanagonepo pa madzi mwera ukuomba mu Julayi. Pali masiku amene amabwerako ndi zigoba ziwiri, petulo osabwerera, ngongole n'kusamukira ku mawa. Pali eni makoka amene amakweza mtengo wa petulo pa pepala kuti theka la alovi lichepe. Pali anzathu amene anapita osabwerako, tonse tili ndi dzina limene tikuliganiza pano. Koma taonani chinthu chimodzi. Mlovi amagawana ndi bwana wake zonse ziwiri. Nyanja ikakana, onse alira. Usipa ukafa, boti n'kubwera litamira m'mbali, mlovi amalowa m'golosale ngati mfumu, tsiku limodzi n'kupeza imene ena amaidikira mwezi.

Balamani amagawana ndi bwana chimodzi chokha. Pa Khrisimasi, pa Pasaka, pa 6 Julayi, galimoto za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zitadzaza mpaka kumsewu, bala imagulitsa usiku umodzi zimene imagulitsa mwezi wathunthu wa Febuluwale. Malipiro ake sasuntha ngakhale tambala. Chimene chimakwera usiku umenewo ndi shoteji basi, chifukwa anthu akachuluka matambula amasweka ambiri, othawa mabilu amachuluka. Ndiye kuti usiku umene bwana wapha kwambiri ndi umene wantchito waluza kwambiri. Mlovi atauzidwa kuti khoka likang'ambika usoka ndi ndalama zako koma nsomba zikafa ulandira za masiku onse, angakwere boti limenelo? Atatero abambo anga, pa doko pangatsale iwo okha ndi nyali zawo.

Tsono za maola. Bala ya pa loji ilibe nthawi yotsekera, imatseka mlendo womaliza akatopa. Msuweni wanga ankafika 9 koloko m'mawa kudzatsuka matambula, kudzaza mafuriji, kunyamula makireti, kudula mandimu, kusesa mchenga. Masana amathandiza kuperekera chakudya chifukwa mwini malo sanafune kulemba weitala wina. Usiku ndiye ntchito yake yeniyeni. Nthawi zambiri ankachoka 11 koloko, Lachisanu ndi Loweruka 1 kapena 2 koloko m'bandakucha, azungu awiri akukambirana za dziko lawo pa botolo limodzi, iye ataima chifukwa balamani saloledwa kukhala pansi mlendo akuona. Kenaka ulendo wa pansi kubwerera kumudzi mumdima, ndipo amene mumakhala kufupi ndi bango mukudziwa kuti nthawi imeneyo ndi ya mvuu.

Dziko lino lili ndi lamulo la ntchito, Employment Act ya chaka cha 2000. Limanena kuti maola ogwira ntchito pa sabata asapitirire 48. Opitirira pamenepo ndi ovataimu, imene imalipidwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo ukagwira tsiku lako lopuma kapena la holide ya boma ndi kawiri. Limanenanso kuti polandira malipiro uzilandira ndi pepala losonyeza zimene wapata ndi zimene adula. Amene amagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pa chaka. Izi sindikupeka, zili m'buku, ndipo sizinalembedwere a m'maofesi a ku Capital Hill okha. Lamulo silinati kupatula a m'bala.

Tiyeni tichite masamu a chaka chimene msuweni wanga anayamba. Mu Febuluwale 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi, kutsatira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. K90,000 ukaigawa pa masiku 26 imabwera K3,461 pa tsiku, pa ola limodzi ndi K433. Ovataimu yake ndi cha m'ma K649 pa ola. Munthu wolowa 9 m'mawa n'kutuluka 11 usiku wakhala pa ntchito maola 14. Ngakhale titachotsapo ola limodzi la nsima, opitirira ndi asanu, amene ndi K3,245. Pafupifupi tsiku lina lathunthu. Ndiye kuti mnyamata ameneyu ankagwira masiku awiri m'tsiku limodzi, n'kulandira zosakwana tsiku limodzi, pa zosakwanazo n'kudulaponso matoti amene anamwa alamu a bwana.

Ka nsima ndatchulako kandikumbutsa china. Chambo chimene amaperekera mlendo pa mbale yoyera, ndimu pambali, mtengo wake pa menyu umaposa malipiro a masiku angapo a amene wachinyamulayo. Mwina anachigwira ndi malume ake omwe m'mawa wa tsiku lomwelo. Iye kukhitchini akudikira nyemba kapena bonya, ndipo m'malo ena akapezeka akudya chipisi chotsala m'mbale ya mlendo amamulembera kalata yochenjeza. Chotsalacho chimapita kwa agalu a bwana. Izi ndingozisiya pomwepa.

Mukawafunsa eni malo chifukwa chimene malipiro ali otsika, yankho lake ndi limodzi: "Amapeza matipu." Zoona, tipu ilipo, ndipo pali masiku amene mlendo wamtima wabwino amasiya ndalama yoti munthu agule thumba la chimanga. Koma tipu ndi mvula, sungalonjeze nayo lendi. Komanso tipu ya masiku ano siifika m'manja ngati kale. Malo ambiri anaika bokosi pa risepushoni kuti onse agawane, a m'khitchini, ochapa, alonda, zimene ndi zabwino chifukwa mlendo saona amene watsuka mbale. Koma bokosilo kiyi wake ali ndi ndani? Amatsegula liti, pali ndani? Alendo ambiri pano amalipira pa khadi, tipu n'kuiphatikiza pa bilu, ndalama n'kulowa ku akaunti ya kampani. Wantchito amangomva mlendo akunena kuti ndakusiyira kenakake, iye n'kuthokoza ndi manja awiri, kenakakeko osadzakaona. Pa bilu pamalembedwa VAT, pamalembedwa 1 peresenti ya zokopa alendo, zonsezo zimafika kumene zikupita chifukwa boma limatsatira. Ya wantchito ilibe woitsatira.

Ndaonako malo amodzi amene amachita mosiyana, ndipo ndiyenera kuwachitira umboni ngakhale dzina sinditchula. Kumeneko bokosi limatsegulidwa pa 30, pa tebulo la panja, antchito awiri osankhidwa ndi anzawo ali pomwepo, ndalama n'kuwerengedwa mokweza ngati zigoba pa doko. Sitoko amawerenga balamani ndi manejala limodzi, onse n'kusaina. Botolo likasweka amalemba m'buku la zosweka, sadula munthu pokhapokha zikachita kuonekeratu kuti ndi kusasamala. Balamani wa pamenepo wakhalapo zaka zambiri, alendo obwerera amamufunsa ndi dzina. Malowo sanagwe. Injini zawo ndimakonza ine ndipo amandilipira tsiku lomwelo. Ndiye wina asatiuze kuti sizingatheke.

Ndikudziwa kuti eni maloji nawonso ali ndi mitu yowawa. Mu 2020 matenda a Covid atatseka ndege, m'mphepete monse muno munali zii, mipando itaunjikidwa. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'zipinda ndi m'mabala a malo ambiri kuno ku Mangochi, ena tinkachita kupalasa bwato pamene kale pankakhala matebulo. Dizilo wa jenereta amasowa, akapezeka ndi wodula. Miyezi ya mvula, Januwale mpaka Malichi, alendo amachepa zedi. Zonsezi n'zoona. Koma taonani amene amayamba kumva kuwawa. Mvula ikangoyamba amakuitana: "Pitani kaye kunyumba mukapume, zinthu zikayamba kuyenda tikuimbirani." Kupuma kopanda malipiro, m'miyezi yomwe ija chimanga chimakhala pa mtengo wa golide. Ukabwerera mu Epulo amakulemba ngati watsopano, kuti zaka zako zisawerengeke. Munthu wagwira malo amodzi zaka zisanu, pa pepala sanakwanitsepo chaka. Za penshoni, imene lamulo limati bwana aziika 10 peresenti wantchito 5 peresenti, ukazitchula amakuyang'ana ngati walankhula Chitchaina.

Kwa alongo athu ndiye mtolo ndi wawiri. Mtsikana akayamba ntchito pa bala, ngakhale ya lesitilanti yaulemu yotseka 10 koloko, kumudzi dzina amupatsa kale, mukulidziwa, sindilemba. Ku ntchito nako mlendo amaona ngati mtengo wa botolo waphatikizapo ndi woperekerayo. Kumugwira mkono, kumufunsa nambala, kumuuza kuti bweretsa ku chipinda nambala chakuti. Akakana mwamphamvu amamunena kuti alibe khalidwe la kwa alendo. Akaseka kuti zidutse amati wavomera. Akakhala ndi pakati malo ake amapezeka apatsidwa wina, chonsecho lamulo lomwe lija limapereka masabata asanu ndi atatu a tchuthi cha uchembere cholipidwa. Mnzanga wina amene tinali kalasi imodzi anandiuza kuti chimene chimamutopetsa si miyendo ayi, ndi masaya, kumwetulira maola khumi kwa anthu amene akukunyoza.

Ndipo apa tisaloze azungu okha. Mukawafunsa a m'mabala kuti kasitomala wovuta ndi uti, ambiri sanena wa ku Ulaya. Amanena bwana wa ku tauni wobwera Loweruka ndi galimoto ya kuntchito, woitana ndi likhweru kapena kuwomba m'manja, "iwe chakuti iwe," kwa munthu wamkulu woti ndi bambo wa ana atatu. Amanenanso anyamata a pa doko pomwe pano tsiku limene usipa wafa. Ndalama ikalowa m'thumba mlovi amasanduka bwana woopsa kuposa mabwana onse, kumenya kauntala, kutaya mowa dala, kukana bilu kuti sindinamwe asanu ndamwa atatu. Awiri amenewo akalipira ndi mtsikana amene mawa mukakumane naye pa mjigo. Munthu amene m'mawa unakuwa pa mchenga kuti chigoba chimodzi chisabedwe, usiku ukumubera mnzako mabotolo awiri.

Tsono funso ndi lakuti munthu angatani, poti pa geti palidi anyamata khumi. Zimenezo a manejala aja sananame. Ntchito kuno kulibe, nsomba zikuchepa, ndipo amene ali ndi ana sangasewere ndi K41,000 ngakhale ili yochepa. Sindingauze munthu kuti siya. Chimene ndingakambe ndi chimene anachita msuweni wanga, poti ndinachiona ndi maso.

Abambo anga ndi amene anamupatsa nzeru, atamva nkhani ya makiyi atatu. Anangomufunsa kuti, "Mphwanga, kodi nsomba zako amakuyezera uli kuti?" Mawa lake anagula kope la masamu la ana a pulayimale. Tsiku lililonse polowa ankawerenga katundu yense wa m'bala n'kulemba, deti pamwamba, nthawi yolowa, nthawi yotuluka. Kireti ikabwera kuchokera ku stolo ankalemba ndi dzina la woibweretsa. A shefu akatenga vinyo ankawapempha mwaulemu kuti, "Achimwene, tasainani apa kuti ndisaiwale." Alamu a bwana akati lemba pamenepo ankalembadi, n'kuwapatsa cholembera kuti asaine, akakana ankalemba kuti akana, nthawi yakuti, pamaso pa weitala wakuti. Botolo likaphulika ankalijambula pa foni lili m'furiji momwemo. Madzulo aliwonse ankajambula tsamba la tsikulo n'kunditumizira pa WhatsApp, kuti kope likasowa zisasowere limodzi.

Mwezi umenewo shoteji inatsika kuchoka pa K22,000 kufika pa K3,500. Palibe amene anafotokoza kuti zatheka bwanji. Mwezi wotsatira inali K2,000. Mwezi wachitatu anamuitana n'kumuuza kuti alendo achepa, apite kaye kunyumba akapume. Unali Ogasiti, nthawi imene alendo amakhala ali tho. Sabata yomweyo pa kauntala panaima mnyamata wina.

Ndiye musaganize kuti kope ndi mankhwala oti ntchito isathe. Chimene kope linachita ndi china. Anakwera minibasi kupita ku Mangochi boma, ku ofesi ya zantchito imene timangoti ku Leba. Kudandaula kumeneko salipiritsa, chimene chimadya ndalama ndi thiransipoti. Ambiri amapitako ndi pakamwa pokha, bwana n'kubwera ndi mabuku, nkhani n'kukhala mawu a uyu ndi mawu a uyo. Iye anafika ndi masiku onse olembedwa, maola ake, masiginecha a a shefu, zithunzi zili ndi madeti. Analembera mwini malo kalata yomuitana. Tsiku loyamba sanabwere, lachiwiri anatumiza a manejala, amene atangoona kope lija anapempha kuti akaimbe kaye foni panja. Anawerengera limodzi zoperewera pa malipiro a boma, ovataimu ya miyezi imene inalembedwa m'kope, ndi malipiro a notisi imene sanamupatse. Miyezi ya m'mbuyo imene sankalemba inapita ndi madzi, panalibe pogwira. Anagwirizana kuti alipira kawiri. Gawo loyamba linalowa, anagula malata asanu ndi atatu a nyumba ya amayi ake. Lachiwiri akulitsatirabe, ndipo anamuuza kuti zikakanika nkhani ikhoza kupita ku Industrial Relations Court, khoti loona za ntchito.

Amene muli ndi m'bale kapena chibwenzi pa bala, mutumizireni uthenga uno, makamaka amene angoyamba kumene. Ayambe kulemba tsiku loyamba, asadikire envulopu yoyamba. Ndipo amene mukufuna kuona mmene anajambulira mizere m'kope muja ndiuzeni ku inbox, ndikutumizirani chithunzi cha tsamba limodzi, mayina nditabisa.

Pakali pano msuweni wanga akupita kokauni ndi abambo anga. Manja aja anazolowera mandimu ndi ayisi anatuluka matuza sabata yoyamba, ndipo mafunde akakula amasanzabe, alovi anzake amamutcha dzina la chakumwa china chimene ankawasimbira kuti amachidziwa kusakaniza. Iye amangoseka. Koma mtima wake uli ku bala, ntchitoyo amaikonda ndipo amaitha, amadziwa kucheza ndi mlendo mpaka woti amwe limodzi amwe atatu. Sabata yatha loji ina ya cha ku Nkopola inamuimbira kuti apite akaonane. Wandiuza kuti akakamufunsa ngati ali ndi funso, ali nawo atatu: makiyi a stolo ali ndi anthu angati, sitoko tiziwerenga limodzi kapena ayi, ndipo zimene tagwirizanazi mundilembera pa pepala liti. Amalume akumuletsa, ati mafunso otero amathawitsa ntchito, angovomera kaye alowe. Abambo anga akuti afunse. Akhala akukangana pa khonde masiku atatu tsopano. Kokaonanako ndi Lachiwiri, ndipo malaya oyera aja amayi ake achapa kale.